Mchira Wosadula

A Clarrie Vorwerk anagwira nkhanu zaka makumi anayi ndi zinayi osawonongapo mchira ngakhale umodzi. Ku Beachport aliyense ankadziwa zimenezi, poti eni ake sankalola kuti munthu aiwale. Nkhanu zake ndi zija zikuluzikulu za m'miyala ya pansi pa nyanja, za nyanga zazitali, mchira wake wonenepa n'kuthera m'timapiko tisanu. Yothyoka mwendo kapena yong'ambika mchira ogula ankaikankhira pambali. Ndiye wantchito amene waponya nkhanu mwachisawawa pa boti la a Clarrie ankatukwanidwa iye, bambo ake, mpaka agogo ake amene anagona kalekale.

Bondo litayamba kuwavuta, anapereka boti ndi laisensi kwa mwana wawo mmodzi yekhayo, Brenton. Sanamugulitse ayi, anangomupatsa, monga iwonso anangopatsidwa ndi bambo awo. Brenton anagwira nyengo zinayi, kampani ina ya mumzinda n'kubwera ndi mapepala, iye n'kusaina, boti ndi laisensi n'kugulitsa. Anasamukira ku Adelaide kumene pano amagulitsa makina oziziritsa m'nyumba. Bambo ake nkhaniyi anaimvera ku bala, m'kamwa mwa anthu ena. Kuyambira tsiku limenelo panadutsa zaka zitatu bambo ndi mwana osalankhulana, kupatula kamoni ka pa foni pa Khirisimasi, nako kotuluka chifukwa akazi awo, a Noelene, aima pambali manja ali m'chiuno.

Boti lija silinapite kutali. Analipaka penti wabuluu, n'kulemba nambala pamene panali dzina, ndipo m'mawa uliwonse linkaonekera pa windo la kukhitchini kwa a Clarrie likupita kukavuula miono. A Clarrie anasintha mpando, n'kumamwa tiyi atayang'ana khoma.

Sikuti munthu wopanda laisensi amaletsedwa nkhanu. Pa 1 Novembala amatsegula nyengo ya anthu ogwira zokadya kunyumba: miono iwiri munthu mmodzi, nkhanu zinayi pa tsiku, ndipo iliyonse uidule kapiko kapakati ka mchira usanafike nayo kumtunda, kuti aliyense aone kuti si yogulitsa. Tsiku limenelo tauni imadzaza ndi madokotala a mano ndi maloya ochokera mumzinda, maboti awo ali waliwali, zipewa zatsopano, ena n'kumasanza asanatuluke n'komwe padoko. A Clarrie ankawatcha asodzi a Loweruka. Nyengo zitatu zonse anakana kulowa m'gulu limeneli.

"Nkhanu si nkhosa yoti uziidula khutu," ankatero. "Ine ndidule mchira? Bola ndizidya nsomba za m'chitini."

Zinasintha Lachiwiri lina kumapeto kwa Okutobala, a Noelene ataika foni pansi.

"Brenton akubwera Lamulungu. Ndikukwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo ndikufuna mwana wanga patebulo. Za boti sindikufuna kuzimva, mwamva inu?"

"Ndanena kanthu ine?"

"Nkhope yanu yanena."

"Adzadya chiyani?"

"Ndiwotcha mwendo wa nkhosa."

"Nkhosa! Nyengo itatsegulidwa dzulo lake, mwana wobadwira m'fungo la nyambo adzadye nkhosa m'nyumba mwanga? Anthu adzati a Vorwerk anamwalira osalengeza."

"Nanga si inu munati bola za m'chitini?"

Mawa lake a Clarrie anakalembetsa miono iwiri, chipewa atachitsitsa mpaka m'maso kuti asakumane ndi wowadziwa. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: Brenton adye nkhanu yogwidwa ndi manja a bambo ake. Aone yekha kuti anagulitsa pepala ndi matabwa, koma msodzi sanamugulitse. Kupepesedwa sankakufuna. Ankafuna kuti mwanayo ameze nyamayo akudziwa, ndipo imukhale pakhosi pang'ono.

Loweruka m'mawa anatsitsa kabwato kawo ka malata kamene kanakhala zaka kuseri kwa shedi akangaude akumangamo nyumba. Maboti awiri a alendo anawatsatira, chifukwa wina anali atawanong'oneza kuti madala a chipewa chong'ambikawo amadziwa pokhala nkhanu. A Clarrie analunjika kumchenga kumene kulibe ngakhale nkhono, anachita ngati akukonza chingwe, alendowo n'kuponya miono yawo pomwepo mokondwa, mpaka kuwabayibitsa. Atachoka, madala anakhota n'kupita kumalo kwawo. Makina olozera njira analibe. Anayang'ana kumtunda mpaka nsanja ya nyali yotsogolera zombo italunjikana ndi denga la hotela, kenako anasuntha pang'onopang'ono mpaka mtengo wa paini wa kumanda utabisala kuseri kwa phiri la mchenga. Pamenepo pansi pali mpata pakati pa miyala iwiri. Anawasonyeza ndi bambo awo, ndipo iwo anasonyeza Brenton yekha. Anamanga mitu ya nsomba m'miono n'kuiponya.

Lamulungu anadzuka kukucha. A Noelene anawapatsa kabokosi ka masangweji, ndipo pamwamba pa masangwejiwo panali sizasi ya kukhitchini.

"Imeneyo si ya buledi," anatero a Noelene.

Pa boti lakale panali makina okokera miono. Pa kabwato panali manja. Chingwe chinali chozizira, choterera ndi ndere, ndipo mono woyamba usanafike n'komwe pakati bondo linali likulira, zikhatho zitasupuka. Zaka zonsezi zolima tomato kuseri kwa nyumba zimamufewetsa munthu. Anapuma kawiri, chingwe atachikulunga pa mpando, akutukwana bondo, kampani ndi Brenton mosinthanasinthana. Koma mono utatulukira pamwamba anamva phokoso lija, phaphapha, michira ikumenya waya, ndipo mtima wawo unadumpha ngati wa mwana. Zinalimo zinayi. Imodzi inali yaikazi, mazira ali tho kunsi kwa mchira, ndipo anaibwezera m'madzi mwaulemu. Ina inali yaing'ono, sanavutike n'kuiyeza. Ziwiri anasunga. Mono wachiwiri unali ndi ziwiri zokha, koma imodzi inali chimphona chachimuna, chofiira moderako, chigoba chili ndi tinkhono taukalamba, miyendo yonse ilipo, nyanga zonse zilipo.

Anaigwira pamsana n'kutambasula mchira ndi chala chachikulu. Timapiko tisanu, popanda pong'ambika. Anatsegula kabokosi, natenga sizasi, naika kapiko kapakati m'kamwa mwake. Nthawi yomweyo boti labuluu lija linadutsa chapatali likubwerera kudoko. Pachiwongolero panali munthu wachilendo atanyamula kapu ya khofi, ndipo anakweza dzanja monga amakwezera akaona asodzi a Loweruka. Mafunde a botilo anafika n'kugwedeza kabwato.

Dzanja la a Clarrie linakana. Moyo wawo wonse ankakalipira anthu chifukwa cha chinthu chomwechi. Anaona m'maganizo mbale ili patebulo, Brenton akuyang'ana mchira woduka n'kudziwa kuti bambo ake anaima pa mzere umodzi ndi madokotala a mano. Ayi. Mwanayo adye nkhanu yathunthu, ngati zimene ankatsitsa kale m'mabokosi osawerengeka.

"Ndidula ndikayandikira," anadziuza, akudziwa bwino lomwe kuti akunama. Anafunditsa nkhanu zonse zinayi ndi thumba lonyowa, nadzaza zidebe ziwiri ndi madzi a m'nyanja ophikira, nabwerera.

Padoko panali mzere wa maboti odikira kutulutsidwa, ndipo pamalo otsetsereka paja panaima oyang'anira za usodzi awiri atavala mayunifomu. Mmodzi anali mlendo. Winayo anali Kirralee, mwana wa malemu Rodney Tunkin, amene anagwira ntchito pa boti la a Clarrie mpaka tsiku limene mtima unamuima akukoka mono. A Clarrie ananyamula nawo bokosi la Rodney pa maliro. Kirralee analowa m'madzi ndi nsapato zake zamphira n'kugwira m'mphepete mwa kabwato.

"Ankolo Clarrie! Ndi inu kapena maso anga? Ndimayesa munalumbira."

"Malumbiro a nkhalamba. Amayi ako ali bwanji?"

"Alipo, akungodandaula msana. Tione mwatitengera chiyani."

Anavundukula thumba akumwetulira. Anaona chimphona chija n'kuimba mluzu. Kenako anaona michira, kumwetulira kuja n'kutha. Anabwezera thumba mwakachetechete, nayang'ana mnzake amene anali kutali pang'ono.

"Ankolo," anatsitsa mawu, "kabwato kanu kakadali m'madzi, ndiye kwa ine simunafike kumtunda. Ndikupita kukaona boti loyera lija. Ali ndi mabokosi ambiri abwana amenewo, ndichedwako."

Kumeneko kunali kutsina khutu, ndipo a Clarrie anamva. Mwina akanadula. Dzanja linali litafika kale pa kabokosi ka masangweji. Koma m'boti la pambali pawo munali bambo wina wonenepa, mphuno atapaka mafuta oyera oteteza dzuwa, amene anaona zonse ndipo anafuna kuthandiza.

"Madala, mwaiwala sizasi? Nayi yanga. Mumadula kapakatika, theka lokha, osati konse. Koyamba zimavuta, nanenso chaka chatha anachita kundisonyeza. Bweretsani imodzi ndikuonetseni."

Munthuyo analibe mwano, ndipo n'zimene zinawawa kwambiri. A Clarrie anamuyang'ana kuyambira chipewa mpaka manja ake osalala. Anatsika, anakatenga galimoto, anabweza ngolo m'madzi, nakokera kabwato kumtunda anthu onse akuona, nkhanu zili momwe zinalili.

Kirralee anabwera pang'onopang'ono, mnzake uja ali pambuyo pake.

"Ankolo, mwatani kodi?"

"Gwira ntchito yako, mwana wa Rodney."

"Ndinakupatsani mpata."

"Ndinakupempha? Nkhanu izi ndazigwira pamalo pamene ndinkagwira iwe usanabadwe. N'zazikulu, n'zinayi, zilibe mazira. Lamulo lanulo likufunanso chiyani?"

"Mukudziwa chimene likufuna."

"Bambo ako akanakuona lero akanalavula."

"Bambo anga akanadula n'kupita kwawo kukadya," anatero Kirralee, maso ali psuu. "Dzina lanu lonse, chonde."

Anawalembera pepala la chindapusa, natenga nkhanu. Ankazinyamula imodziimodzi, pamsana, n'kuziika m'bokosi lake mosamala kuti mwendo usathyoke, ndendende mmene a Clarrie anaphunzitsira Rodney. Anthu anali atasonkhana. Wina anakweza foni n'kumajambula. Mayi wina anauza mwamuna wake mokweza kuti ogulitsa mobisa ndi omwewa, madala ooneka osalakwa. A Clarrie anamva. Anamanga kabwato pa ngolo osathamanga, mfundo iliyonse monga imafunikira, koma makutu akuwotcha ndi manyazi.

A Noelene anawapeza mu shedi atakhala pa chidebe. Anasuzumira m'kabwato, nawerenga pepala, natsegula kabokosi ka masangweji. Masangweji anali osadya, sizasi ili mbee.

"Zinalipo zingati?"

"Zinayi. Ina yaikulu ngati mkono wangawu."

"Ndiye mwazipereka zonse chifukwa cha kachidutswa ka mchira kosaposa chikhadabo."

"Inu simungamvetse."

"Chikwatirane ndakhala ndikumvetsa, a Clarrie. Ndatopa nako kumvetsako. Mwana ali pa msewu, wadutsa kale Kingston, ndipo mwendo wa nkhosa uli gwa mufiriji chifukwa munati tisautulutse."

Anatenga kachikwama kawo n'kutuluka. Patapita theka la ola anabwerera ndi bokosi loyera la ku sitolo ya kampani ija, ya pafupi ndi doko. M'katimo munali nkhanu imodzi yamoyo, yaikulu bwino.

"Musandifunse boti lake," anatero. "Phikani."

Kuphika a Clarrie ankakudziwa, ndipo ngakhale mtima unali bii, manja anagwira ntchito yawo. Anamiza kaye nkhanuyo m'beseni la madzi a pampopi mpaka inaleka kugwedezeka, chifukwa ukaiponya yamoyo m'madzi owira imadzithothola miyendo. Madzi a m'nyanja aja anawathira mumgolo wa mowa wodula pakati, umene unaphika nkhanu za maukwati onse a mumsewu wawo. Anayatsa gasi, naponyamo shuga wodzaza dzanja. Madzi atabwadamuka anailowetsa mutu patsogolo. Wotchi sanayang'ane, ankadziwira fungo. Ataivuula inali psuu. Anaiviika m'madzi ozizira, naboola pang'ono pamutu, naiimika chozondoka kuti madzi atuluke, nyama ilimbe.

Ikuzizira anaiyang'anitsitsa, ndipo mtima unayamba kubwerera m'malo. Inali nkhanu yabwino, miyendo yonse ilipo, mchira wathunthu. Brenton angadziwe bwanji? Nkhanu ilibe dzina la boti pamsana. Iwo sadzanama ayi, adzangokhala chete, mwanayo n'kudziganizira yekha. Anaiika pa mbale yaikulu ya maluwa imene a Noelene anasiyiridwa ndi amayi awo. Mchira anautambasula bwinobwino, timapiko tonse tisanu kuonekera.

Brenton anafika itangokwana wani koloko. Anali atanenepa, tsitsi litayamba kuthawa pamphumi. Anapsompsona amayi ake patsaya, koma manja ake anali odzaza ndi maluwa ndi keke, ndiye bambo ndi mwana anangogwedezerana mitu, onse awiri n'kuthokoza kekeyo chamumtima.

"Adadi."

"Brenton. Msewu unali bwanji?"

"Akukonza pafupi ndi Meningie. Bondo?"

"Lilipo."

Patebulo panali buledi woyera, batala, viniga ndi tsabola, monga ankadyera kale. A Clarrie anabweretsa okha mbale ija n'kuiika pakati, mchira utaloza kwa mwana wawo.

"Eee, koma ndiye mwafikapo," anatero Brenton.

Dzanja lake linapita lokha, monga limachitira dzanja la aliyense wokulira pa boti. Anaitembenuza, naona kunsi, nayendetsa chala chachikulu pa mchira. Chalacho chinaima pa kapiko kapakati. Anayang'ana amayi ake, a Noelene n'kuyang'ana batala.

Apa m'pamene a Clarrie anazindikira, mochedwa. Iwo ankaganizabe ngati munthu wa laisensi, amene nkhanu yake imafika patebulo yathunthu. Koma Brenton ankadziwa kuti bambo ake laisensi alibe, popeza anaigulitsa ndi iye. M'nyumba muno nkhanu yogwidwa ndi eni nyumba ikanakhala yoduka mchira. Yathunthu inali ya kusitolo basi.

Anadikira kuti mwanayo aseke, kapena agwidwe manyazi. Koma nkhope ya Brenton inamasuka, mapewa n'kutsika ngati munthu watula katundu.

"Adadi, simukanavutika n'kugula. Koma kunena zoona mtima wanga wakhala pansi. Amayi atandiuza kuti mwalembetsa miono, masiku onsewa ndinali wosakhazikika. Ndimati madala apita okha pa kabwato kaja ndi bondo limeneli, chifukwa cha ine." Anaseka pang'ono, napukuta m'maso ndi chikhatho. "Zaka zitatu ndakhala ndikuganiza kuti ndinakulandani nyanja. Ndimaopa ngakhale kubwera kuno. Kani nanunso munatopa nayo! Mukanangondiuza, adadi. Ntchito ija imapha anthu, onani a Rodney. Tinachita bwino kutulukamo tonse tili ndi zala khumi."

Mawu anafika pakamwa pa a Clarrie. Zinayi, pa mpata wa miyala uja, ndi manja awa, ina yoposa iyi. Koma kunena zimenezo kunali kunenanso za padoko, za mwana wa Rodney akulemba dzina lawo anthu akujambula, za mayi uja wowayesa wakuba. Ndipo kutsidya kwa tebulo a Noelene anali atawayang'ana, osati mwaukali ngati masiku onse, koma mopempha. Mwana wawo anali kuseka m'nyumba mwawo koyamba pa zaka zitatu.

A Clarrie anabisa manja osupuka aja pansi pa tebulo. Chibadwire chake sanadanepo naye mwanayu ngati pa nthawi imeneyo.

"Ee," anatero. "Ndinatopa nayo."

Brenton anathyola mchira, nausenda, nadula nyama yoyera ija magawo atatu, lalikulu n'kupatsa amayi ake. Anathira viniga pa lake, naluma, natsinzina.

"Koma kuphika kokha, adadi, palibe angakuposeni. Kumeneko ndiye musadzasiye."